Mapiko Atatu Pakhoma la Shedi

"Ndakuuza kale, makinawa alibe mlandu. Vuto ndi zala zakozo."

"Ndinakoka, malume. Ndinakoka mpaka chala kuwawa, koma siinandimve."

"Bambo ako anaiulutsa zaka zisanu ndi zitatu ikuwamva bwinobwino. Lero yagontha liti?"

Okanganawo anali Kirrily Dunstan ndi amalume ake, a Merv, m'mawa wa Loweruka lina lozizira la mwezi wa Juni, pakati pa dambo la nkhosa kunja kwa tauni ya Wagin. Pamapazi pawo panali helikopita yaing'ono youlutsira pa rimoti, yotalika ngati mwendo wa munthu wamkulu, itagona chammbali m'matope, mchira utapindika, mafuta akudontha. Aka kanali kachitatu kugwa m'chaka chomwecho.

Inu amene munalepherapo chinthu kufikira poyamba kukhulupirira kuti munabadwa choncho, nkhani iyi ndi yanu.

Kirrily anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Bambo ake, a Rodney, mtima unawaima ali pa thirakitala kutatsala miyezi inayi kuti Kirrily alembe mayeso omaliza a sekondale. Mayesowo analemba ndithu, koma zimene zinatuluka tisazitchule pano. Anzake ananyamula zikwama kupita kumzinda waukulu wa Perth. Iye anatsala akukazinga tchipisi m'kasitolo ka pamalo omwetsera mafuta, akugona kuchipinda chakumbuyo kwa amalume akewo ndi akazi awo, a Noelene.

A Rodney sanasiye munda, popeza ankalima wa eni. Anasiya helikopitayo, yofiira ngati tomato wakupsa, ya injini yolira ngati mavu oputidwa, yotulutsa utsi wonunkhira motsekemera. Kwa Kirrily fungo limenelo linali bambo ake. Ikangolira m'mwamba ankawaona ali pomwepo, atavala chipewa chawo chong'ambika, akuthamangitsa ntchentche ndi phewa chifukwa manja onse ali pa rimoti.

Kalabu ya oulutsa tindege imene inkakumana padambo lija inali ndi mwambo wake. Ukagwetsa, phiko lothyokalo umalilemba dzina lako ndi tsiku, n'kulikhomera wekha pakhoma la shedi anzako akukuombera m'manja. Kunali kuseka chabe, ndipo panalibe mdala amene dzina lake silinali pakhomapo. Koma panalinso lamulo losaseketsa. Mapiko a helikopita yotere akhoza kumudula munthu mwendo, choncho wokhomera anayi m'chaka chimodzi ankaletsedwa kuulutsa mpaka chaka chinzake. Wosunga lamulolo anali a Merv omwewo.

Kirrily anakhomera lachitatu osatukula nkhope. A Col, mdala wonenepa amene ankawotcha masoseji Loweruka lililonse, anamuuza kuti asadandaule, mwini dambo akuyamikira kwambiri kuti wapeza womulimira ulere. Kuyambira tsiku limenelo onse ankamutcha Khasu.

Anthu akudya masoseji okulunga mu buledi, a Merv anatulutsa mita yawo yakale ya singano yoyezera mphamvu ya batire. M'helikopita yotere injini imamwa mafuta, koma kawailesi kolandira malamulo a rimoti, pamodzi ndi timakina tinayi tosuntha mapiko, totchedwa masevo, zimadya moto wa batire laling'ono. A Merv analumikiza mita ku batirelo. Singano inakaima pa mavoliti asanu ndi pang'ono.

"Waona? Ladzaza mpaka pakamwa."

Mita imeneyo anali nayo zaka makumi atatu, ndipo ankaikhulupirira kuposa dokotala.

Kirrily anayesa kuwauza chinthu chimodzi chimene chinkamuvuta. Kanyale ka pakawailesi kaja kamayenera kuyaka phee, koma maulendo onse atatu, iye akathamangira pamalo a ngozi, ankakapeza kakuphethira. A Merv anati chinthu chilichonse chogwa kuchokera kumwamba chiyenera kuphethira, ngakhale iwo akanaphethira.

Pobwerera kunyumba, m'pikapu, a Merv analankhula mosakalipa. Anati patsala milungu itatu kuti kalabu iyese ofuna chilolezo choulutsa paokha. Kirrily akakhoza, helikopita ndi yake kuchita nayo zimene akufuna. Akagwetsanso, kapena akaopa kuyesedwa, iwo aikonza komaliza n'kuipachika kudenga la shedi, dzina la Rodney lili pansi pake. Anati kuli bwino kuiona ili yathunthu pachingwe kusiyana ndi kumaitola ndi tsache.

Kirrily anangoyang'ana kunja. Tirigu anali atangomera, minda yonse ili biriwiri mpaka kumene maso amalekezera. Anaganiza kuti mwina amalume akunena zoona. Mwina zala zake zinali zofanana ndi mutu wake umene unalephera mayeso.

Panali chinanso chimene chinkamulasa, koma sankachitchula. Woulutsa aliyense amakhala ndi mnzake woima paphewa pake, womuonera mlengalenga ndi kumuuza kumene mphepo yatembenukira. Zaka zonse zija, paphewa pa a Rodney pankaima mlamu wawo, a Merv. Chiwaikire m'manda a Rodney, a Merv sanaimenso paphewa pa munthu. Ankakhala kumbuyo, cha kumpanda, atagwira kabuku kolembamo zochitika za kalabu. Kirrily ankaimiridwa ndi a Col, amene m'malo moona mphepo ankamusimbira za mpira.

Komabe Lolemba, ataweruka, anayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini n'kuyamba kumasula. Anasintha mchira, anawongola chimene chikanawongoka, anayang'ana waya aliyense payekha. A Noelene ankaika mbale za chakudya m'mipata ya timisomali, akung'ung'udza kuti tsiku lina wina adzameza nati mu supu. Akatopa ndi zomasula, Kirrily ankalumikiza rimoti ku kompyuta n'kumaulutsa helikopita yongoyerekeza. Pakompyutapo ankakwera, kutsika, kuzungulira, kuima chilili m'malere ngati kabawi. Sankagwa olo kamodzi.

Zala zomwezo. Mutu womwewo. Nanga kudambo chinkasintha n'chiyani?

Mlungu wathunthu unatha yankho osaoneka. Analikhutitsa batire mpaka kutentha, kuliyeza ndi mita ya amalume m'mawa ndi masana, ndipo nthawi zonse singano inkaloza pabwino ngati ikumuseka.

Yankho linabwera Lachiwiri la mlungu wachiwiri, ndipo linabwera pa pikapu yonunkha nkhosa.

Mayi Glenys Harrop, mlimi wa kuseri kwa njanji, anamwetsa dizilo, analowa m'galimoto, anapotoza kiyi. Galimoto inangoti tche, tche, tche. Kirrily anatuluka ndi epuloni yake kukathandiza. Anawauza kuti batire silingakhale lakufa chifukwa nyale zakutsogolo zikuwala bwino. Mayiwo anaseka, namuuza kuti aime kutsogoloko ayang'anitsitse. Anapotozanso kiyi. Nyale zija zinafooka mpaka kutsala ngati makala ozima. Atasiya kiyi, zinawalanso ngati palibe chachitika.

"Lili ngati mwamuna wanga, mwanawe," anatero mayiwo. "Akakhala pampando amaoneka wamphamvu. Musenzetse thumba uone."

Kirrily anaima pamenepo pakamwa pali yasa. Tchipisi chimene anasiya pamoto tsiku limenelo chinapsa mpaka kuda.

Anayamba kukumbukira ngozi zake imodzi ndi imodzi. Zonse zitatu zinachitika pamalo amodzi: akutsika mwaliwiro, n'kukoka kuti ikwere uku akuikhotetsa. Pamenepo masevo onse anayi amalimbana ndi mphepo nthawi imodzi. Ndipo masevowo sanali a bambo ake. Masevo a bambo ake anali akale, aulesi, odya pang'ono. Awa anali atsopano, achangu ndi anyonga, mphatso imene amalume anamupatsa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, itakulungidwa mu pepala lokhala ndi maluwa.

Sanadikire kuti nthawi yoweruka ikwane bwino. Anapalasa njinga ngati wothawa moto.

Kunyumba anatenga mita ya manambala m'bokosi la zida la bambo ake, nailumikiza ku batire lili m'helikopita momwemo. Injini sanailize. Anapempha a Noelene kuti agwire zolimba pamene mapiko amamangirira, akhale ngati iwowo ndiye mphepo. Kenako anatakasa tindodo tonse tiwiri ta rimoti mwamphamvu ngati wotakasa phala.

Manambala anavina mofulumira kwambiri moti diso silikanawagwira. Anaimika foni pa botolo la jamu, anajambula, anabwereza, n'kuonera pang'onopang'ono.

Zisanu ndi pang'ono. Zinayi. Zitatu ndi pang'ono. Kanyale ka pakawailesi kanazima.

Masevo anauma gwa. Kirrily anali akusunthabe tindodo, koma palibe chimene chinkayankha. Sekondi imodzi, ziwiri, zitatu. Kenako kanyale kanabwerera, kakuphethira.

Moto ukachepa choncho, kawailesi kamakomoka. Kakatsitsimuka kamayamba kaye kufunafuna rimoti yake, ndipo nthawi yonseyo injini ikungolira, helikopita ikupita kumene inaloza komaliza. Masekondi atatu ndi ochepa pothira tiyi. Koma kwa helikopita yotsika chamutu kuchokera pamsinkhu wa bulugamu, ndi moyo wonse.

Kirrily anaseka. Anaseka mpaka misozi, atagwira m'mimba, moti a Noelene anaganiza kuti magetsi amugwira. Zala zake zinalibe mlandu. Anazitambasula patsogolo pake n'kumaziyang'ana ngati abale amene anawanamizira kuba.

Chisangalalocho chitatsika, anazindikira kuti ntchito yovuta ikubwera. Akawauza bwanji amalume kuti mita yawo yawanamiza, ndi kuti mphatso yawo ndiyo yakhala ikugwetsa helikopita ya mlamu wawo? A Noelene anamuuza kuti amalume akewo ali ngati nkhosa yamphongo, ukawakankha amagunda, koma ukatsegula chipata amalowa okha.

Choncho sanakangane nawo. Atatha kudya, anaika helikopita patebulo n'kuwapempha mwaulemu kuti alumikize mita yawo yomweyo, kenako agwire pamene a Noelene anagwira. A Merv anachita, akupukusa mutu. Singano inakaima pamalo ake anthawi zonse. Kirrily anatakasa tindodo.

Singano ija inagwa ngati chidakwa. Kanyale kanazima.

A Merv anamuuza kuti abwereze. Anabwereza. Anamuuza kuti abwerezenso. Kachitatu anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali pa malaya. Analankhula motsitsa, ngati akudziuza okha, kuti mita yawoyo imasenzetsa batire kakatundu kakang'ono, koyenera masevo akale aja, ndipo iwo sanaganizepo kuti atsopanowa angadye kuwirikiza kangapo. Atatero anadzuka n'kunena kuti akukadyetsa agalu. Agaluwo anali atadya kale.

Masiku otsatira nkhaniyo sanaitchule. Koma batire latsopano, lalikulupo, limene Kirrily anaitanitsa ku Perth, litafika pa positi, anapeza patebulo swichi yatsopano ndi mawaya onenepa, opanda kalata. Anazimanga zonse yekha. Atatakasa tindodo, a Noelene atagwira ndi manja awiri, manambala anangogwedezeka pang'ono n'kuima nji.

Tsiku la mayeso kunacha bwino. Mame anali mbuu paudzu, nkhosa zili chapatali, mbalame zapinki zikukangana pa waya wa mpanda. Anthu anali ambiri kuposa masiku onse, mwina chifukwa ankafuna kuona Khasu akulima komaliza.

Injini iliyonse isanalire, a Merv anatenga cholembera chakuda n'kupita pakhoma la shedi. Anafika pa mapiko atatu aja. Pa lililonse anakhwatcha dzina la Kirrily n'kulemba lawo. Kenako anatembenuka n'kufotokoza zonse mosabisa, kuti iwo ndiwo anaika masevo osusuka pa batire lokalamba, iwo ndiwo analiyeza lili pampando, ndipo mwana wa mlongo wawoyu anawauza za kanyale katatu konse iwo osamva. Anati kuyambira tsiku limenelo palibe chouluka padambopo batire lake lisanayesedwe likusenza katundu, ndipo woyesayo akhala Kirrily.

"Ndiye kuti muli ndi atatu, achimwene," anatero a Col akutembenuza soseji. "Limodzi lokha, tikuthamangitsani."

Anthu anafa nacho chiseko, a Merv nawonso anaseka. M'mawa womwewo Kirrily anapeza mabatire ena awiri ofooka. Limodzi linali la a Col.

Nthawi yake itakwana, anaika helikopita paudzu. Analiza injini, utsi uja unamuzinga, ndipo mantha anapita nawo. Helikopita inanyamuka mwaulemu, inaima m'malere pamsinkhu wa maso ake ngati ikumufunsa kuti tipite kuti. Anaipititsa kumanja, anaibweza kumanzere, anaizungulitsa, anaiyang'anitsa kwa iye mwini. Kenako anaikweza pamwamba pa mabulugamu, dzuwa likunyezimira pa utoto wofiira uja, n'kuitsitsa chamutu.

Apa ndi pamene inkagonthera. Padambo ponse palibe amene ankatafuna.

Anakoka, uku akukhotetsa. Mapiko anamenya mphepo kuti pha pha pha, ndipo helikopita inamumva. Inadzuka ngati mbalame yovumbulutsidwa m'tchire, inazungulira dambo lonse, n'kubwera kudzatera pamapazi ake mofewa moti mame sanagwe paudzu. A Col anakuwa kuti mwini dambo waluza wantchito. Dzina la Khasu silinachoke, koma kuyambira pamenepo linkamveka mokoma.

Kumapeto kwa chaka chimenecho Kirrily analembera malo ophunzira zamagetsi a ndege zenizeni ku Perth. Omufunsa mafunso anayang'ana zotsatira za mayeso ake, n'kumuyang'ana iye, n'kufunsa chifukwa chimene ayenera kumutengera. Iye anatulutsa foni n'kuwaonetsa kanema uja wa patebulo la kukhitchini, botolo la jamu likuoneka m'mbali, nawafotokozera mmene anafikira pamenepo. Anamutenga. Lero ali m'chaka chachiwiri, amavala ovolosi, amakwawa m'mimba mwa ndege zonyamula anthu akulondola mawaya. Lachisanu lililonse amayendetsa galimoto maola atatu kubwerera ku Wagin, ndipo kudenga la shedi kuja kulibe chopachikidwa.

Tsono inu amene mukuwerenga. Mwina nanunso muli ndi mapiko anu pakhoma lina, olembedwa dzina lanu, ndipo anthu okukondani akuuzani kale kumene kuli vuto. Mwina akunena zoona. Koma musanavomere kuti ndinu wolephera, bwererani pamalo pamene munagwera, muyang'anitsitse. Kanyale kamene inu nokha munakaona kakuphethira musakaiwale chifukwa choti wamkulu wakaseka. Funsani, yesani, bwerezani. Kirrily analemba mayeso atasenza maliro a bambo ake, ndipo anthu anaweruza mutu wake osaona katunduyo. Kugwa katatu si chigamulo. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna tsiku louluka.

Koma ndathamanga, ndasiya chinthu padambo paja.

Anthu atabalalika kukadya, Kirrily anagwada akupukuta mafuta pa helikopita. Anaona nsapato za amalume ake zitaima pafupi. A Merv anatsokomola, anayang'ana kumwamba, anayang'ana nkhosa. Anati iwo si odziwa kupepesa, koma m'galaja mwawo muli ndege zisanu ndi imodzi, asankhe iliyonse, ngakhale yachikasu ija imene salola munthu kuikhudza. Kirrily anapukusa mutu. Anati ndiye rimoti yawo yatsopano. Anapukusanso mutu.

"Nanga ukufuna chiyani, mwana iwe? Tanena."

Kirrily anaimirira, nsanza ili m'manja. Mawuwo anali atawasunga chaka chathunthu, ndipo anatuluka aang'ono.

"Ndege ndili nayo kale, malume. Ndimafuna kabukuko muwapatse a Col. Loweruka likubwerali, ndi lina, ndi linalo, muziima apa paphewa panga, pomwe munkaima ndi adadi."